Kalimidwe ka Therere Lobala m'Caka ca Mvula Yambiri

Akulu akale anati, "Walira mvula walira matope." Mau amenewa akumbukika msanga m'caka cimene mvula igwa usana ndi usiku, njira za m'mudzi nizisanduka timitsinje, nkhuni nizikana kuyaka. M'caka cotere maso a anthu ambiri ali pa cimanga ca kumunda, ndipo kamunda ka kuseri kwa nyumba kaiwalika. Koma m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe yapepuka ndi ndalama yogulira kapenta yasowa, mai wa pakhomo athawira ku kamunda komweko kukafuna codyera nsima. Akapeza kuti mbeu zace zaola ndi madzi, ana adya nsima ndi mcere wokha.

Mwa ndiwo za m'dzinja, therere lobala liri pakati pa zothandiza kopambana. Limeneli ndi therere lija la zipatso zosongoka, limene m'matauni alicha delele. Lisiyana ndi therere la masamba, monga denje ndi cewe, limene limera lokha m'minda ndi m'matsala. Tsinde limodzi losamalidwa bwino libala kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo zipatso zace ziphikidwa tsiku lomwelo, zigulitsidwa pamsika, kapena ziumitsidwa kuti zidzathandize m'cilimwe.

Koma therere liri ndi khalidwe limodzi limene alimi ambiri salizindikira kufikira atataya mbeu zao. Likonda mvula ndi kutentha, koma silipirira kuima m'madzi. Mlimi wodziwa cimeneci, amene akweza mizere yace, napatsa mbeu danga lokwanira, nabzala mitundu iwiri kapena itatu, adya therere ngakhale m'caka ca mvumbi.

MIZU IFUNA MPWEYA

Anthu ena aganiza kuti popeza mbeu zikula ndi madzi, madzi akaculuka mbeu nazonso zikondwa. Sikutero ai. Mizu ya mbeu ipuma, ndipo mpweya umene ipuma ukhala m'timipata ta m'nthaka. Mvula ikagwa masiku ambiri osakata, timipata tonse tidzala madzi, mpweya nusowa. Therere liri ndi muzu waukulu wolowa pansi, ndipo muzu umenewu ukakhala m'madzi masiku awiri kapena atatu uyamba kuola.

Zizindikiro zace ndi izi: masamba a m'munsi asanduka acikasu, maluwa ndi tizipatso tating'ono tiyoyoka, ndipo dzuwa likawala masana mbeu yonse ifota ngati yasowa madzi, cinkana iri pakati pa matope. Mlimi wosadziwa, poona masamba acikasu, athamangira kuthira feteleza. Ameneyo ataya ndalama cabe, pakuti muzu woola sungathe kudya kanthu. Cofunika pa nthawi yotere ndi khasu lotsegulira madzi njira.

Ku Chipata mvula ya caka cathunthu ifika pafupi-fupi mamilimita 1,000, ndipo yambiri igwa kuyambira Disembala kufikira Malici. Koma zaka sizilingana. Cilala ca 2024 cinakumbutsa alimi ubwino wa maenje a gamphani, amene akola madzi pa phando kuti asathawe. Tsono cimene cipulumutsa mbeu m'caka ca ng'amba cikhoza kuipha m'caka ca mvumbi. Pa nthaka ya makande dzenje lotere lisanduka mphika wa madzi, ndipo therere lobzalidwamo silikhalitsa.

MITUNDU YA THERERE LOBALA

Mitundu ya therere lobala ndi yambiri, ndipo uli wonse uli ndi ubwino ndi kuipa kwace.

Loyamba ndi therere la makolo, limene amai asunga mbeu yace caka ndi caka, popacika zipatso zouma kudenga la nyumba yophikiramo. Lina litalika kupitirira munthu, lina ndi la zipatso zazifupi zonenepa, lina la zipatso zazitali zoonda, ndipo lambiri liri ndi ceya coyabwa. Kawiri-kawiri licedwa kuyamba kubala, koma likayamba silileka msanga. Linazolowera nthaka ndi nyengo ya kwao, ndipo ceya ca pa masamba ace cibvutitsa tizirombo tina toyamwa madzi a m'masamba. Kuipa kwace m'caka ca mvula yambiri ndi masamba akulu-akulu ochinga mphepo. Cifukwa cace lifuna danga lalikulu kuposa mitundu yogula.

Waciwiri ndi mtundu wochedwa Clemson Spineless, umene upezeka kwambiri m'masitolo a zaulimi. Unatulutsidwa m'caka ca 1939 ndi akatswiri a ku Clemson, m'dera la South Carolina ku America. Therere linafika ku America kucokera ku Africa m'zaka za malonda a akapolo, kotero kuti mbeu imeneyi iri ngati mwana wobwerera kwao ndi dzina lacilendo. Dzinalo litanthauza kuti zipatso zace ziribe minga yoyabwa. Utalika kufika m'cifuwa ca munthu wamkulu, zipatso zace ndi zobiriwira zokhala ndi ngodya, ndipo uyamba kubala patapita masiku 55 kufikira 60 kucokera tsiku lobzala. Ubwino wace ndi cangu cimeneci, ndiponso kuti mbeu yace isungika. Kuipa kwace ndi kwakuti zipatso zikhwima msanga mwini akacedwa kuthyola.

Wacitatu ndi Emerald, wa ku America komweko, wa caka ca 1950. Zipatso zace ndi zosalala zopanda ngodya, zobiriwira kwambiri, ndipo zicedwa kukhwima ngakhale zitatalika. Ici cithandiza pamene mvula, matenda kapena maliro aletsa mwini kulowa m'kamunda masiku angapo.

Wacinai ndi Red Burgundy, wocokeranso ku Clemson, wa caka ca 1983. Tsinde lace, mitsempha ya masamba ndi zipatso zonse ndi zofiira, koma kufiirako kutha m'mphika. Popeza zipatso zofiira zioneka msanga pakati pa masamba obiriwira, wothyola saziphonya kawiri-kawiri.

Palinso mbeu za haibulidi, zolembedwa F1 pa paketi. Zimenezi zibala kwambiri, ndipo zina zinapangidwa kuti zipirire nthenda yosandutsa mitsempha ya masamba cikasu. Koma mtengo wace ndi wokwera, ndipo mbeu yotengedwa ku zipatso zace siibala mofanana ndi kholo lace, kotero kuti mlimi ayenera kugula caka ndi caka.

Mwa mitundu yonseyi palibe umene ukhala ndi moyo m'madzi oima. Nzeru ya mlimi iri pa kusadalira mtundu umodzi. Mzere umodzi ukhale wa mtundu wofulumira, wopereka ndiwo m'Januwale. Waciwiri ukhale wa therere la makolo, limene lidzabala pamene lofulumira latopa. Wacitatu ukhale wa mtundu umene banja lifuna kuyesa. Nthenda ikagwetsa mzere umodzi, iwiri itsala. Pogula mbeu, mlimi aone tsiku lolembedwa pa paketi, pakuti mbeu yakale, makamaka yosungidwa pa cinyontho, imera mwa apo ndi apo. Bungwe la Boma loyesa mbeu zogulitsa ndi Seed Control and Certification Institute, limene liri ku Chilanga.

KUSANKHA MALO NDI KUUNDA MIZERE

Therere lifuna dzuwa la tsiku lonse. Pansi pa mtengo wa mango, kapena m'mphepete mwa nyumba pamene madzi a padenga agwera, litalika cabe ngati bango osabala. Malo abwino ndi otsetsereka pang'ono, a nthaka ya katondo kapena yosakanizika ndi mcenga. Kamunda kasakhale kumunsi kwa cimbudzi, pakuti madzi oyenderera atenga zonyansa nazitaya pa ndiwo, ndipo dzinja ndiyo nthawi ya kolera ndi matenda ena a m'mimba.

Njira yoyesera malo ndi yapafupi. Itagwa mvula yaikulu, mlimi akumbe dzenje lofika m'bondo, nalione m'mawa mwace. Madzi akakhala akadalimo, pamenepo ndi pa lowe, ndipo therere lifuna mizere yokwera kwambiri kapena malo ena.

Malo amene caka catha panali matimati, fodya, impwa, thonje kapena therere lomwelo sayenera kubzalidwanso therere. Mbeu zimenezi zisiya m'nthaka nthenda ndi tizirombo timene tidikira muzu watsopano. Malo otsatira cimanga, mapira kapena udzu ndiwo abwino.

Mizere ikwere masentimita 25 kufikira 30, ndiko kuti pafupi-fupi utali wa phazi la munthu wamkulu, ndipo kucokera pa mzere kufika pa unzace pakhale masentimita 75 kufikira 90. Pa malo otsetsereka mizere ipingase citunda, koma ipendekere pang'ono kuti madzi ayende mwakacetecete osakokolola nthaka. Kumtunda kwa kamunda kukumbidwe ngalande yolandira madzi a padenga ndi a pabwalo. Ngalandeyo ikathere pa nthoci kapena pa udzu, osati m'munda wa mnansi kapena pa khoma la nyumba yace, pakuti milandu ya madzi idanitsa anthu a mudzi umodzi. Tizipupa ta dothi timene ena aika pakati pa mizere kuti tikole madzi tigumulidwe mvula ikacuruka, ndipo tibwezedwe ikakata.

NTHAWI NDI KABZALIDWE

M'mera ndi poyamba. Therere lobzalidwa ndi mvula yoyamba yolowa bwino m'nthaka, kumapeto kwa Novembala kapena kuciyambi kwa Disembala, likhala litafika m'bondo pamene mvula yaikulu ya Januwale ibwera, ndipo mbeu yotere ipirira kuposa kambande ka masamba awiri. Wobzala mtundu wofulumira pa 1 Disembala ayamba kuthyola Januwale asanathe. Nkwabwino kubzala katatu: koyamba pa nthawi imeneyi, kaciwiri kumapeto kwa Disembala, kacitatu kuciyambi kwa Febuluwale. Lomalizali libala m'Epulo mvula itacepa, ndipo ndilo loyenera kuumitsa ndi kutengako mbeu. Kumtunda, monga ku Chipata, Katete ndi Lundazi, wocedwa kupitirira pamenepo apezana ndi cisanu, cimene ciimitsa therere kukula. Kucigwa ca Luangwa, kumene kutentha sikutha msanga, nthawi yobzala italikirako.

Khungu la mbeu ya therere ndi lolimba. Cifukwa cace mbeu ibviikidwe m'madzi usiku umodzi, ndipo zoyandama zitayidwe. Yobviikidwa ibzalidwe m'mawa mwace, m'nthaka ya cinyontho koma yosakhala matope. Mlimi afumbate dothi m'dzanja: likatulutsa madzi kapena kumata ngati la mphika, adikire tsiku lina, pakuti mbeu yofewa iola msanga m'matope.

Mapando akhale pamwamba peni-peni pa mzere, akuya masentimita 2 kapena 3, ngati mfundo imodzi ya cala. Pa phando pagwe mbeu ziwiri kapena zitatu. Mitundu yogula italikirane masentimita 40, ndipo therere la makolo lalitali masentimita 60. M'caka ca mvula yambiri kuthithikiza ndiko kuitana nthenda, popeza masamba okhudzana sauma msanga. Mbeu imera patapita masiku 5 kufikira 10. Mbande zikakhala ndi masamba atatu kapena anai, mlimi apatulire nasiye imodzi yamphamvu pa phando. Pamene sipanamere apakize ndi mbeu, osati ndi mbande yozula, cifukwa therere silikonda kuokedwa. Muzu wace waukulu ukaduka, licedwa kucira.

Mizere itatu ya mamita 5, ya mapando 12 pa mzere, ipereka masinde 36. Amenewa akwanira ndiwo za banja kangapo pa sabata, ndipo nthawi zina patsala zogulitsa.

MANYOWA, FETELEZA NDI KUPALIRA

Manyowa a m'khola oola bwino ndiwo cakudya coyamba ca therere. Manja awiri odzala asakanizidwe ndi dothi pa phando liri lonse asanabzale. Manyowa afewetsa nthaka ya makande kuti madzi alowe, ndiponso agwira cakudya m'nthaka ya mcenga kuti cisathawe ndi mvula. Ndowe zaziwisi zitentha mizu ndi kubweretsa mbeu za udzu.

Amene ali ndi feteleza wa Compound D athire kacitsekero ka botolo kamodzi pa phando, cakumbali kwa mbeu, nakwirire. Maluwa oyamba akaoneka, athire theka la kacitsekero ka yuleya, ndipo abwereze patapita masabata atatu. Kuthira pang'ono-pang'ono kupambana kuthira wambiri nthawi imodzi, pakuti mvula yaikulu itsuka yuleya ndi kumtsitsa kumene mizu siifika. Ndiponso yuleya woculuka abala masamba okha-okha anthete, amene nsabwe za m'masamba zikonda, zipatso nizicepa.

Udzu wa m'dzinja sucedwa. Kupalira kucitike nthaka itauma pamwamba, ndipo khasu lisalowe kwambiri pafupi ndi tsinde. Itapita mvula yaikulu, mlimi ayendere mizere, abandire pamene pagumuka, atsegule ngalande zotsekeka, ndi kuimika ndi kamtengo mbeu zimene mphepo yagwetsa. Kuphimbira nthaka ndi udzu wouma ndi kwabwino, koma m'miyezi ya mvumbi udzuwo ukhale wocepa ndi wosakhudza tsinde, kuti nthaka ipume. Wambiri uikidwe m'Malici, pamene cinyontho ciyamba kufunika kusunga.

NTHENDA ZA M'MVUMBI

Nthenda yoyamba igwira mbande zongomera. Tsinde liola pamene likhudzana ndi dothi, kambande nikagwa ngati kadulidwa. Icokera ku kubzala mozama, mothithikana, kapena m'matope. Ikagwa palibe cocita koma kukweza mzere ndi kubzalanso.

Yaciwiri ndi kuola kwa maluwa ndi tizipatso. Duwa la therere likafota liyenera kuthothoka lokha, koma m'mvumbi limatirira ku nsonga ya kacipatso ngati kansanza konyowa. Pamenepo pamera cuku ca ubweya wotuwa wa timitu takuda, ndipo kacipatso kafewa nikaola. Mankhwala ace ali m'zala za mlimi: poyendera kamunda acotse maluwa ofota omatirira, athyole tizipatso toola ndi kukatitaya kutali kapena kutikwirira.

Yacitatu ndi mawanga a masamba, amene kunsi kwa tsamba aoneka ngati mwaye. Iyamba ndi masamba a m'munsi, amene dothi liwathovukira mvula ikagwa. Nkwabwino kucotsa masamba onse a kunsi kwa cipatso cothyoledwa kale, kuti mphepo ipite pansi pa mbeu. Koma a kumwamba asacotsedwe, pakuti ndiwo adyetsa zipatso. Kumapeto kwa dzinja kubweranso nthenda yoyeretsa masamba ngati awazidwa ufa. Nayonso icepa m'kamunda ka danga lokwanira.

Yacinai ndi kufota kosacira. Mbeu ifota ngakhale madzi sanaime, ndipo tsinde likang'ambidwa m'kati mwace muoneka mofiirira. Nthenda imeneyi ikhala m'nthaka zaka zambiri. Mbeu yodwala izulidwe ndi mizu yomwe ndi kutenthedwa, ndipo pamalopo pasabwerenso therere kapena thonje kwa zaka zitatu kapena kuposerapo.

Palinso tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, timene titupitsa mizu kukhala mfundo-mfundo, makamaka m'nthaka ya mcenga. Mbeu yogwidwa ipinimbira ndi kufota masana. Mfundo zimenezi zisiyana ndi timibulu tabwino ta pa mizu ya nshawa ndi nyemba, timene tithothoka tikakhudzidwa. Za nthenda ndi muzu weni-weni wotupa. Cothandiza ndi kasinthasintha wa mbeu ndi manyowa ambiri.

Lamulo limodzi lichinjiriza ku zambiri mwa nthendazi: munthu asalowe pakati pa mizere masamba ali cinyowere, ngati kuli kotheka kudikira. Manja ndi zobvala zonyowa zinyamula nthenda kucokera ku mbeu yodwala kupita ku yamoyo.

THERERE NDI MBALE WA THONJE

Woyang'anitsitsa duwa la therere aona kuti lifanana ndi la thonje ndi la lumanda, pakuti zitatuzi ndi za banja limodzi. Cifukwa cace adani a thonje ndiwonso adani a therere: mbozi zoboola zipatso, nsabwe za m'masamba, tizirombo tobiriwira todumpha timene tipinditsa m'mphepete mwa masamba, ndi tizirombo tofiira ta mawanga akuda timene tidetsa thonje. Kamunda ka therere kakhale kutali ndi munda wa thonje.

M'kamunda ka masinde 36 manja akwanira. Mbozi zitoledwe ndi kuphedwa, zipatso zobooka zicotsedwe, ndipo tizirombo tofiira tigwedezeredwe m'citini ca madzi a sopo. Nsabwe zicepa ndi madzi a sopo pang'ono, kapena madzi a masamba a nimu osinja ndi kubviika usiku umodzi, owazidwa madzulo kunsi kwa masamba pa tsiku losagwa mvula.

Pali cenjezo lalikulu kwa alimi a thonje. Mankhwala otsala ku munda wa thonje asapoperedwe pa therere. Thonje silidyedwa, ndipo mankhwala ace ena akhala pa mbeu masiku ambiri, pamene therere lithyoledwa tsiku ndi tsiku ndi kulowa m'mphika wa ana. Mankhwala ali onse a ndiwo ali ndi masiku olembedwa pa botolo, oyenera kupita munthu asanathyole. Amene sangathe kuwerenga cizungu ca pa botolo afunse mlangizi wa zaulimi asanatsegule.

KUTHYOLA

Duwa la therere litseguka m'mawa ndi kufota tsiku lomwelo, ndipo patapita masiku 4 kufikira 6 cipatso cikhala cokwanira kudya. Canthete citalika ngati cala, masentimita 7 kufikira 10, ndipo nsonga yace ithyoka msanga ikapindidwa. Nsonga ikangopindika osathyoka, cipatsoco cakhwima.

M'nyengo yotentha ya cinyontho zipatso zikula mofulumira, kotero kuti kamunda kayenera kuyenderedwa podumpha tsiku limodzi lokha. Cipatso cimodzi cosiyidwa kuti cikhwime cikoka mphamvu ya tsinde lonse kupita ku mbeu za m'kati mwace, ndipo maluwa atsopano acepa. Cifukwa cace ngakhale cokhwima cosadyeka cithyoledwe ndi kutayidwa. Mvumbi ukakana kukata, kuthyola kusaime. Ndi bwino kulowa masana pamene madzi a pa masamba acepako, kusiyana ndi kusiya zipatso sabata yathunthu. Mpeni wakuthwa upambana kukoka ndi dzanja, kumene kung'amba tsinde ndi kutsegulira nthenda khomo. Malaya a manja atali aletsa kuyabwa.

Therere lonyowa loikidwa m'thumba la pulasitiki lida ndi kuola usiku umodzi. Liyanikidwe m'licero pa mthunzi kufikira madzi atauma, ndipo lisatsukidwe kufikira nthawi yophika. Siliyenera kusungidwa kupitirira masiku awiri kapena atatu. Wopita nalo kumsika asankhule lanthete lokha-lokha, mtundu uli wonse pa mulu wace, pakuti wogula amene apeza lokhwima pansi pa mulu sabweranso. Pophika, soda kapena cidulo cikhale cocepa ndi moto usatalike, cifukwa soda wambiri aononga mavitamini ena amene thupi lifuna.

KUUMITSA NDI KUSUNGA MBEU

Kuumitsa therere m'Januwale ndi m'Febuluwale ndi kobvuta, pakuti licita cuku lisanaume. Nthawi yace ndi Epulo ndi Meyi. Zipatso zanthete zidulidwe tizidutswa topyapyala, ziyanikidwe pa mphasa yoyera pa thandala, kumene nkhuku ndi mbuzi sizifika, ndipo zilowetsedwe m'nyumba madzulo ali onse cifukwa ca mame. Zikauma kufikira kuthyoka, zisungidwe m'citini kapena m'mtsuko wotsekeka bwino. Zimenezi zidzakhala ndiwo za Seputembala ndi Okutobala, pamene masamba asowa.

Mbeu ya caka camawa itengedwe ku masinde amene anapirira mvula, osadwala, ndi obala bwino. Masinde atatu kapena anai otere amangidwe kansanza, ndipo zipatso zace za kumapeto kwa mvula zisiyidwe kuti zikhwime. Patapita masabata asanu kapena asanu ndi limodzi ziuma ndi kuyamba kung'ambika; pamenepo zidulidwe mbeu isanatayike, ndipo zikamalize kuuma pakhonde. Mbeu yokhwimira m'mvumbi ida ndipo siimera bwino.

Duwa la therere lidzibereketsa lokha, koma njuci zinyamula ufa wa maluwa kucokera ku mtundu wina kupita ku unzace, kotero kuti mitundu yobzalidwa pafupi isakanizika pang'ono-pang'ono. Wofuna kusunga mtundu wa makolo wosasakanizika amange kansaru kopyapyala pa duwa madzulo lisanatseguke, akacotse patapita masiku awiri, namange ulusi pa kacipatsoko kuti adzakazindikire. Zipatso khumi zotere zipereka mbeu yokwanira banja ndi yogawirako abale. Mbeu youma bwino isakanizidwe ndi phulusa, isungidwe m'botolo lotsekeka pa malo ozizira, ndipo dzina la mtundu lilembedwe pa botolo.

Kubala kukatha, masinde onse azulidwe ndi kutenthedwa, monga acitira alimi a thonje ndi mapesi ao, kuti tizirombo tisapeze pogona kudikira dzinja lina. Pozula, mlimi aone mizu: ikakhala yotupa mfundo-mfundo, adziwe kuti caka camawa pamalopo pafunika cimanga.

Palibe munthu adziwa m'Novembala kuti mvula idzagwa motani. Koma mzere wokwera uthandiza m'zaka zonse ziwiri: mvula ikacepa, mlimi atseka mipata ya pakati pa mizere kuti ikole madzi, ikacuruka, aitsegula. Nchito ya kuunda mizere itatu ndi kukumba ngalande imodzi siitha tsiku lathunthu, ndipo iyenera kucitika mvula isanalimbe. Amene aona nthenda yacilendo m'kamunda kace azule mbeu imodzi ndi mizu yomwe, apite nayo kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lace, kuti aphunzire cocita mizere yotsala isanagwidwe.